Fulashi ya Ukwati wa Florence

Tulo tinamukana Eunice usiku umenewo. Mwana wake Dalitso anali atagona pambali pake, kukamwa kuli yasa, ndipo mwamuna wake Gabriel anali atatembenukira kukhoma. Eunice ankadziwa kuti nayenso ali maso, chifukwa sankamva mkonono wake. Mawu amene Gabriel ananena asanazime nyali ndi amene ankamuzungulira m'mutu: kukacha, Nancy abwerere kumudzi ku Vubwi. Nancy anali mng'ono wake wa Eunice, ndipo kubwerera ku Vubwi kunali kutha kwa sukulu yake.

Nyumba imeneyi inali ya mtendere. Gabriel ankajambula makanema a maukwati ndi a makwaya, kuyambira ku Katete mpaka ku Sinda. Mowa sankaudziwa, mkazi sankamutukwana, ndipo madzulo banja lonse linkapemphera limodzi. Chuma chake chenicheni chinali kompyuta imene inkakhala pathebulo la pabalaza, yofunditsidwa chitenje kuopa fumbi. Mmenemo ndi mmene ankadulira ndi kulumikiza makanema. Akamaliza ankatsitsa chitini cha mkaka pamwamba pa kabati, n'kutengamo fulashi yatsopano, kachipangizo kosungiramo makanema, n'kuikamo kanemayo, kenaka n'kukapereka yekha kwa eni ake.

Eunice sukulu anailekera Giredi 7, chaka chimene bambo awo anamwalira, munda wa thonje utasowa manja. Choncho Nancy atakhoza kupita ku sekondale, sukulu ili kutali ndi mudzi, Eunice anagwada pamaso pa mwamuna wake kupempha kuti mtsikanayo adzakhale nawo. Amayi a Gabriel anakana.

"Wakwatira mkazi mmodzi kapena mudzi wonse?" anafunsa mwana wawo.

Koma Gabriel anavomera, ndipo Nancy atafika anamupatsa lamulo limodzi lokha.

"Alamu, m'nyumba muno idyani, sambani, werengani. Koma m'kompyuta iyi musalowe chinthu chochokera kunja. Ndi imene ikutidyetsa tonse."

Nancy anali wanzeru. Sukulu anaiyamba mochedwa, moti pofika Giredi 11 anali ndi zaka makumi awiri, koma aphunzitsi ankamukonda, ndipo ankafuna kudzakhala nesi. Eunice akamachapa yunifomu yake ankaimba.

Zinthu zinayamba kusintha pang'onopang'ono. Ndiwo zinayamba kupserera pamoto. Nancy anayamba kuweruka mochedwa, ndipo buku akalitsegula maso ake sankayenda. Tsiku lina Eunice atabwera kuchokera ku msonkhano wa amayi kutchalitchi anaika dzanja pa chitenje cha kompyuta. Chinali chofunda, chonsecho Gabriel anali atachoka m'mawa.

Eunice sanafunse kanthu. Mawa lake anabereka Dalitso kumsana n'kukaima kuseri kwa thebulo la tomato pafupi ndi pokwerera maminibasi. Pamenepo panali kanyumba ka malata kokhala ndi sipika yaikulu pakhomo, kamene mnyamata wina dzina lake Jimmy ankaikiramo anthu nyimbo ndi makanema m'mafulashi. Sipanatenge nthawi, Nancy anatulukira, yunifomu ili m'thupi.

"Aa, madamu nesi afika!" anafuula Jimmy m'Chinyanja cha m'tauni. "Manje lelo nikuikile chani?"

"Sizoni ija ya kanema wa mtsikana wosinthitsidwa kuchipatala. Inathera pomwe amayi ake enieni akulowa pageti. Koma lero ndilibe kanthu m'thumba."

"Iwe na ine tikambe za m'thumba? Bweletsa fulashi. Nizakuikilamo na bonasi, ya akuluakulu. Usakaonele pali ana."

"Alamu akadziwa andipha."

"Alamu ako ni Mulungu? Kompyuta siikamba. Ukasiliza wafuta, basi."

Eunice anatuluka kuseri kwa tomato kuja.

"Kompyuta siikamba, koma ine ndimakamba."

Jimmy anakweza manja m'mwamba akuseka. "Amayi, ine nigulitsa chabe. Nilibe chingwe chokokela munthu."

Panjira Eunice anatambasula manja ake pamaso pa mng'ono wakeyo.

"Ukuwaona manja awa? Thonje linawang'amba ndili wamng'ono kuposa iwe. Ine ndikalowa m'chipatala fomu amandiwerengera. Ndinagwada kuti iwe usakhale ngati ine, ndiye ukukagulitsa sukulu kwa mnyamata wa m'kanyumba ka malata?"

"Inu asisi simunaphunzire, simungamvetse," Nancy anayankha. "Mutu umafunika kupuma."

Mawuwo anamulasa Eunice, koma anawameza. Madzulo Nancy anapepesa akulira, ndipo Eunice sanauze mwamuna wake. Ankaopa kuti akamuuza, sukulu ithera pomwepo.

Sabata yotsatira Gabriel anapita ku Sinda kukajambula msonkhano wa makwaya, woti agonako. Masana ake Nancy analowa kukhitchini.

"Asisi, kompyuta ikuchita zachilendo."

Eunice anapita kukaona. Mafoda onse a Gabriel anali atamera kamuvi kakang'ono pakona. Nancy akadina, kawindo kakuda kankathwanima n'kuzimiririka, koma kanema osatseguka. Kompyutayo inkapuma mwamphamvu ngati munthu wokwera phiri.

"Unaikamonso fulashi ija?"

Nancy anayang'ana pansi.

Eunice anakulunga kompyuta m'chitenje chake, mwana kumsana, ulendo wa kumsika. Kuseri kwa msika kunali shopu ya Wezi, mayi wonenepa, woseka mokweza, amene ankakonza mafoni ndi makompyuta. Wezi atangoyatsa anapukusa mutu.

"Uyu ndi vayirasi wa m'mafulashi. Katete yense wadzaza naye. Musalire, amake mwana, makanema sanadyedwe. Kachilombo aka kamangowabisa, n'kusiya zitseko zabodza, izi za timivizi. Munthu ukadina chitseko, ndiye wakadzutsa, kayambe kuswana."

Wezi anapeza kuti antivayirasi, pulogalamu yolondera kompyuta, inalimo koma inali itakalamba osalandira zatsopano. Anailumikiza ku intaneti mpaka inakhuta, kenaka anaiuza kuti ifufuze paliponse. Eunice anakhala pabenchi akuyamwitsa, maso ali pa kamzere kobiriwira kamene kankakwawa pang'onopang'ono. Dzuwa litapendeka, Wezi anafuta zitseko zabodza zija n'kutulutsa mafoda enieni pobisalira pawo. Maukwati onse anabwerera.

"Kuchotsa n'kosavuta," anatero Wezi akupukuta sikirini. "Nkhani ndi kubwerera. Fulashi iliyonse imene inalowapo m'tinyumba ta nyimbo tija ndi yodwala, ngakhale ioneke yopanda kanthu. Mubwere nayo ndiitsuke, kapena muitaye. Kompyuta ikaonetsa chenjezo lofiira, wina asazime ayi. Ndipo bambo a kunyumba muwauze aike pasiwedi, makanema awo azisunganso pena padera. Mwamva?"

"Ndamva."

"Muwauza?"

Eunice anakonza mwana kumsana n'kunyamula kompyuta.

Atafika kunyumba analanda fulashi ya Nancy n'kukaiponya m'chimbudzi mwini wake akuona. Nancy anagwira Baibulo n'kulumbira kuti kwa Jimmy sadzapondako. Koma za pasiwedi Eunice anazisunga mumtima, chifukwa kuzinena kunali kuulula zonse. Gabriel atabwera anangodabwa kuti kompyuta ikuthamanga bwino, n'kuyamika Mulungu.

Kwa kanthawi Nancy anabwerera m'mabuku. Zimene zinachitika kenaka Eunice anadzazimva mochedwa, zitaipa kale.

Kusukulu anzake a Nancy ankangokamba za mathero a sizoni ija, ndipo iye akafika ankasiya dala n'kumaseka. Njira ya kunyumba inkadutsanso pa Jimmy.

"Nesi!" ankakuwa. "Asisi ako akumanga chingwe monga mbuzi? Mtsikana uja amupeza amai ake, koma vamene vinachitika pa ukwati, mayo! Sininganene."

"Fulashi anataya."

"Nyumba ya kameramani ilibe fulashi? Ubweleke chabe. Ukabweza, nindani azaziba?"

Tsiku limene Eunice anapita ndi mwana ku sikelo, Nancy anakwera pampando n'kutsitsa chitini cha mkaka chija. Anasolola fulashi imodzi m'kapepala kake mosamala kuti kasang'ambike. Jimmy anaidzaza, ndi bonasi yake yomwe. Nancy ataiika m'kompyuta chenjezo lofiira linatulukira likulira, ndipo anaizula mtima uli phaphapha. Mawa lake anakafunsa Jimmy.

"Ivo vimapanga chabe chongo," anatero Jimmy. "Dina pakona apa, usankhe kuzima. Ine yanga ninazima kalekale, nafa?"

Nancy anazima mlonda wa kompyuta ndi dzanja lake. Anaonera sizoni ija mpaka kumapeto, masana alionse amene nyumba inali yopanda anthu. Bonasi anaitsegula kamodzi, n'kupeza kuti ndi makanema olaula, ndipo anatseka msanga nkhope ikuyaka ndi manyazi. Atamaliza anafuta zonse zimene ankaziona m'fulashimo. Sanadziwe kuti akufuta zitseko zabodza zokha. Makanema enieni anali atabisidwa kale, ali chikhalire. Fulashi inaoneka yoyera ngati yatsopano. Anaipukuta ndi nsalu, n'kuibwezera m'kapepala kake, n'kuiika m'chitini.

Masiku amenewo Gabriel anali pa ntchito yaikulu: kanema wa ukwati wa Florence, mwana wa bambo Mwale, mkulu wa mpingo wa m'mudzi wina kufupi ndi Mkaika. Mkwati anali Richard, mphunzitsi wa ku Sinda. Kompyuta inayambanso kulemera, koma Gabriel ankati ndi kutentha kwa mwezi wa Okutobala. Loweruka atamaliza anapisa dzanja m'chitini, n'kutulutsa fulashi imene inali pamwamba. Anaikamo ukwati, n'kuizula mothamanga, chifukwa anthu anali akudikira.

"Amake Dalitso, tiyeni," anatero. "Amayi a Florence anati ndisakusiyeni."

Anakwera njinga yamoto, mwana ali pakati.

Kumudzi kuja kanema wa ukwati saonera m'nyumba. Mabanja onse awiri amasonkhana, ndipo tsiku limenelo ngakhale mkamwini ndi apongozi ake, amene masiku onse amapatukirana panjira, amakhala pabwalo limodzi. Tivi anaiika pathebulo pakhonde, batire ili pansi, sipika yobwereka kutchalitchi ili pambali. Abambo anakhala pamabenchi, amayi pamphasa, ana kutsogolo kwenikweni. Florence anakhala pafupi ndi amayi ake atavala chitenje chatsopano. Bambo Mwale anavula chipewa n'kupemphera, kuthokoza Mulungu chifukwa cha banja loyera ndi chifukwa cha manja a Gabriel.

Gabriel analowetsa fulashi n'kupereka rimoti kwa mkwati, monga ankachitira nthawi zonse. Tivi ilibe kanthu ndi zobisika za kompyuta, imaonetsa chilichonse chimene chili m'fulashi. Pa sikirini panabwera timabokosi tambirimbiri. Gabriel anakwinya nkhope, koma asanatsegule pakamwa Richard anali atadina kale koyamba.

Zimene zinaoneka si zoti munthu n'kuzilemba. Ndipo sipika ya kutchalitchi ija inakweza phokoso lake mpaka linamveka kumakola a ng'ombe.

"Mayo ine!"

Amayi anaphimba nkhope ndi zitenje, ena akutseka ana maso, ena akuwakoka miyendo. Amayi a Florence anadzuka n'kuthawira kuseri kwa nyumba akukuwa. Richard anadinadina rimoti mpaka inagwa, mabatire ake n'kumwazika. Gabriel analumpha ana awiri n'kukazula waya pa batire.

Panagwa bata loopsa. Kumbuyo, pa gulu la anyamata, wina anaphulika kuseka, mnzake n'kumutseka pakamwa. Eunice anakumbatira Dalitso pachifuwa. Anadziwa nthawi yomweyo kumene zachokera.

Bambo Mwale anaimirira pang'onopang'ono.

"A Gabriel, tinakulandirani ngati mwana wa mpingo. Ndangokupemphererani pompano. Mkazi wanga ndi mkamwini wake akhala pabwalo limodzi n'kuona zimenezi. Zidzukulu zanga zaona. Ndi zimene mumasunga m'makina mwanu momwe muli nkhope ya mwana wanga?"

"Bambo, ine sindikudziwa mmene..."

"Tengani katundu wanu. Dzuwa lisakulowereni m'mudzi muno."

Florence ankalira chamumtima, mutu uli pamaondo. Palibe anaperekeza Gabriel ndi Eunice.

Asanafike n'komwe pamsewu waukulu, foni ya Gabriel inalira. Anali mtsogoleri wa kwaya ina ya ku Sinda, kunena kuti Sabata likubwerali asavutike kubwera. Itangodulidwa inaliranso. Gabriel anaizima.

Kunyumba anavundukula kompyuta n'kuiyatsa. Mafoda onse anali ndi timivi. Anadina ukwati wa Florence, kawindo kakuda kanathwanima, basi. Kenaka anaitana ndi mawu otsika.

"Alamu, bwerani kuno."

Nancy atamva zimene zachitika ku Mkaika anagwa pansi ngati thumba. Anafotokoza zonse, za Jimmy, za chitini, za chenjezo lofiira.

"Ndinafuta, alamu! Ndinaona ndi maso anga mulibe kanthu! Ndimati mwina zikhala ngati ulendo woyamba uja, asisi anakakonzetsa kwa a Wezi zinatha bwino..."

Gabriel anatembenuka n'kuyang'ana mkazi wake.

"Ulendo woyamba?"

Eunice anagwada.

"Amake Dalitso, mukanandiuza tsiku lomwelo, ndikanaika pasiwedi, chitini ndikanachikhomera m'sutikesi. Mtsikanayu ndikanamukalipira, mawa lake n'kupita kusukulu. Mwamubisa mpaka mwamupha."

"Atate a Dalitso, chatsala ndi chaka chimodzi chokha. Ndilangeni ine. Mulekeni amalize."

"Amalize ndi chiyani? Chakudya chake, nsapato zake, mabuku ake, zonse zimachokera m'dzina langa. Dzinalo ndalisiya pabwalo la a Mwale. Ndani adzandiitanenso pa ukwati wa mwana wake? Ndinakana mawu a mayi anga chifukwa cha iye, ndipo ndinamupempha chinthu chimodzi." Anapuma mozama. "Kukacha abwerere ku Vubwi."

Nancy anakwawa n'kugwira mapazi a mlamu wake. "Alamu, ndalapa. Ndimenyeni, koma musandichotse sukulu."

"Kulapa kwanu ndakumva, ndipo Mulungu akukhululukireni. Inenso ndidzakhululuka. Koma kuyambira mawa m'nyumba muno simugonanso."

Ndiwo mawu amene anamulanda Eunice tulo.

Kutacha anayang'ana nkhope ya mwamuna wake kuti mwina usiku wamufewetsa. Gabriel anasamba, anavala, n'kunena kuti akupita kwa abusa kukapempha kuti amuperekeze ku Mkaika kukapepesa. Atafika pakhomo anaima, osacheuka.

"Ndikamabwera ndisamupeze."

Eunice analongedza zovala za Nancy m'chikwama chomwe anabwera nacho. Yunifomu anaisiya pachingwe. Anayenda awiriwo mpaka pokwerera galimoto za ku Chadiza, kumene munthu amakasinthira za ku Vubwi. Sipika ya Jimmy inali itayamba kale kugunda. Iye anawaona, n'kuwerama ngati akufuna chinthu pansi pa thebulo.

"Asisi, ndikawauza chiyani amayi?"

"Zoona. Bodza latikwana."

"Mvula ikagwa andipatsa khasu."

"Akupatsa," anatero Eunice, misozi ikutsika. "Polima thonje uzimanga nsalu m'manja. Limang'amba."

Galimoto inanyamuka, nkhope ya Nancy ili pawindo, mpaka fumbi linaimeza.

Inu achinyamata amene mukusungidwa m'nyumba za abale, mverani. Nancy sanabe ng'ombe, sanathyole sitolo. Anangofuna kudziwa mathero a kanema, ndipo chilakolako chimenecho chinamuphunzitsa kunama, kenaka kuba, kenaka kuzima chenjezo ndi dzanja lake. Tchimo limene mukuti mwafuta, nthawi zambiri mwangolichotsa pamaso panu, ndipo lidzaonekera pabwalo, pamaso pa anthu amene mumawalemekeza. Wokunyengererani sadzakhalapo tsiku limenelo. Inunso makolo ndi achemwali, kubisa cholakwa cha mwana si chikondi. Nenani chikadali chaching'ono.

Eunice anabwerera kunyumba n'kunyamula kompyuta, chitini chonse cha mafulashi, ndi makadi a m'kamera. Anakazitula pathebulo la Wezi.

"Tsukani chilichonse, ngakhale chooneka chatsopano. Bambo a kunyumba abwera okha masana kudzaika pasiwedi."

Wezi anamuyang'ana m'maso, ndipo tsiku limenelo sanaseke.

Panatsala katundu mmodzi. M'pepala la pulasitiki Eunice anali ndi mabuku atatu a sukulu amene Nancy anabwereka. Anakwera kamtunda mpaka pageti la sekondale. Chibadwire anali asanalowepo m'geti la sekondale, ndipo ankaganiza kuti tsiku lodzalowa adzavala chitenje chatsopano, kudzaona mng'ono wake akulandira satifiketi. M'makalasi ana anali akuwerenga mokweza. Mphunzitsi wina wamkazi, choko chili m'manja, anamuona ataima pakhonde ndi mwana kumsana.

"Tikuthandizeni, mayi?"

Eunice anapereka mabukuwo ndi manja awiri.

"Ndi a Nancy wa Giredi 11. Mupatse mwana wina. Iye sabweranso."